Mkamwini wa m'Katoni

3 Malichi

Okondedwa Amayi ndi Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira moti ku ntchito ndikumapita nditavala majuzi awiri. Ababa, chidwalireni sitiroko ija foni yanu munaitsekera m'dilowa, ndipo Amayi amati foni ndi ya anthu osowa chochita. Ndiye ine ndabwerera ku cholembera ngati mwana wa sukulu. Palibe kanthu, bola muziyankha.

Nkhani ndi ya mnzanga uja ndinafotokoza m'kalata ya sabata yatha. Zonse zatheka. Anyamuka kuno mawa, ndipo afika kumeneko pa 18. Musavutike naye. Samwa, sasuta, sakwiya, ndipo kuchipatala kwathu kuno, komwe timathandiza anthu kuphunziranso kuyenda ndi kulankhula, aliyense amamukonda. Chilankhulo chathu amachidziwa, ngakhale mawu ena amawatchula moseketsa. Ndagwira naye ntchito zaka ziwiri, ndiye khalidwe lake ndikulidziwa. Chomwe amafuna ndi malo abwino pabalaza ndi munthu wocheza naye basi. Ababa, ndikudziwa kuti mukadzangomuona mudzamukonda.

Mundiuze mmene mwendo ukuchitira, komanso ngati mawu ayamba kumveka.

Ine mwana wanu.

13 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ife tili bwino. Kalata yako tailandira dzulo, koma ya sabata yatha ukunenayo sitinaione, kaya yasochera kuti. Komabe ine si mwana woti n'kuchita kundimasulira. Ndangowerenga kuti samwa, sasuta, mwakhala limodzi zaka ziwiri, basi ndinakhala pansi n'kupukuta misozi ndi nsalu ya kasitomala.

Iwe mwana, zaka ziwiri zathunthu osandiuza! Ndimati ntchito yakumeza, osadziwa kuti wagwa m'chikondi n'kubisa.

Koma zoti mlendo wotere azigona pabalaza, iwala. Pakhomo panga ayi. Ndatulutsa mawailesi akufa onse amene bambo ako anaunjika m'chipinda chako, ndakolopa, ndasoka makatani atsopano. Ndagulanso nsalu ya buluu yoti ndimusokere shati, kungoti msinkhu wake sunanene. Ndi wamtali? Makolo ake alipo? Nanga iwe osabwera naye limodzi bwanji? Kapena ndi mmene mumachitira kunjako, munthu kudzadzionetsa yekha? Sindinauze anthu ambiri, mayi a grosale okha ndi mayi a saluni, ndipo alonjeza kusunga pakamwa.

Wafunsa za bambo ako. Mwendo uli bwino, akuyenda opanda ndodo, ndipo dzanja likugwira. Koma pakamwa ndi pomwepo. Mawu amatuluka ngati adya mbatata yotentha, ndiye amachita manyazi, safuna n'kuyesa komwe. Akafuna madzi amalemba pa kapepala. Kashopu kawo n'kotseka chitsekereni. Anthu amabwera ndi mawailesi, mawotchi, ma ayironi, amagogoda, iwo amangoyang'ana pa zenera ngati mulibe munthu. Munthu amene ankalankhula kuyambira m'mawa mpaka ine makutu kuwawa! Nditawawerengera kalata yako analemba mawu amodzi okha: "Tiona."

Ine mayi ako.

21 Malichi

Iwe mwana,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Tili moyo.

Pa 18 paja ndinavala diresi langa la ku ukwati. Mayi a grosale ndi mayi a saluni anabwera kudzandithandiza kulandira mlendo, pamodzi ndi azimayi ena anayi amene sindikudziwa kuti anamva kwa yani. Cha m'ma 11 galimoto inaima pakhomo. Munatsika mnyamata wooneka bwino ndithu, wamtali, wovala yunifolomu. Mayi a saluni anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwasankhiridwa, mayi." Mnyamatayo anandipatsa pepala kuti ndisayine.

Ndinati, "Takulandirani, bambo. Lowani, mwatopa."

Iye anati, "Zikomo mayi, koma ndili ndi makomo ena khumi. Katundu wanu ndi uyu."

Katoni. Mwana wanga, katoni!

Bambo ako anatsegula ndi mpeni wawo. Munatuluka chinthu choyera, chachikulu ngati ndowa, mutu wozungulira, timikono tiwiri, miyendo chilibe. Atachilumikiza ku magetsi chinatsegula maso, n'kutembenuza mutu kuyang'ana aliyense, kenako chinati, "Moni nonse. Ndakondwa kukudziwani. Mwadzuka bwanji?" Mayi a saluni anathawa n'kusiya nsapato imodzi pakhonde. Mayi a grosale, amene pakamwa pawo ukupadziwa, anagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu akamwini?"

Bambo ako anaseka mpaka misozi, mpaka kugwira khoma. Chiyambire Disembala ndinali ndisanamve kuseka kwawo. Chimenecho chokha ndiye chakupulumutsa.

Kalata yako yosochera ija yafika dzulo, itadindidwa zidindo zinayi. Ndawerenga, ndamva kuti ndi loboti yothandiza odwala kulankhula. Koma madzi anatayika kale. Msewu wonse ukuti kwa atelala kwabwera Mkamwini, ndipo ana akumasuzumira pa mpanda.

Tsopano ndikuuze zoona. Ine zinthu zotere sindizifuna. Makina anga osokera ndimapalasa ndi mwendo, ndikaleka amaleka. Koma chinthu choti chikuyang'ane, chikumvere, chikuyankhe, m'nyumba mwako momwe? Chikumva za ife n'kumakauza yani? Ndachiphimba ndi nsalu ya buluu ija. Ndipo china chimene chandiwawa ndi ichi: ife tikulakalaka nkhope yako, iwe ukutitumizira ndowa yolankhula. Kodi ndiye kuti watisiyira imeneyi kuti izitisamala?

Ine mayi ako.

31 Malichi

Amayi anga okondedwa,

Moni. Makalata anu awiri ndawalandira motsatizana. Yoyamba ndinawerengera m'basi, ndipo ndinafuula mpaka dalaivala anacheuka. Yachiwiri ndinaseka, kenako ndinalira. Pepani, Amayi. Ndimati ndikucheza, poganiza kuti kalata yofotokoza ija munaiona kale. Mayi a saluni muwapepesere, ndidzawabweretsera nsapato zina.

Sindinamutumize kuti alowe m'malo mwanga. Tchuthi andipatsa mu Ogasiti, ndapempha kangapo kuti achifupikitse koma akana. Pakali pano nthawi ikupita. Munthu akadwala sitiroko, miyezi yoyambirirayi ndiyo yofunika kwambiri. Ababa amaonana ndi wowaphunzitsa kulankhula kamodzi pamwezi, koma lilime limafuna ntchito tsiku lililonse. Pamaso pa anthu amachita manyazi. Ndinaganiza kuti pamaso pa makina sachita manyazi, makamaka iwo amene moyo wawo wonse akhala akucheza ndi mawaya. Kuchipatala kwathu anagula maloboti atsopano, ndiye akalewa anatilola ife antchito amene tili ndi odwala kwathu kuti titenge.

Za ukazitape musade nkhawa. Sanalumikizidwe kwina kulikonse. Zimene wamva zimathera m'mutu mwake momwemo, ngakhale ine sindingazidziwe.

Ababa, inu simunanene kanthu. Mwamuona bwanji? Theka la ola patsiku basi. Chonde ndilembereni.

Ine mwana wanu.

11 Epulo

Kawaya,

Ndili bwino. Dzina limeneli ndinakupatsa uli ndi zaka zisanu, ukutola timawaya pansi pa tebulo langa, ndiye ndimayesa umandidziwa.

Makina ndimawakonda, ndi zoona. Wailesi yakanema yoyamba mumsewu uno inalowa m'nyumba mwanga. Katoni ija itatsegulidwa mtima wanga unadumpha. Tsiku lomwelo ndinatenga sikuludiraiva kuti ndione m'kati. Ndinamutembenuza uku ndi uku: palibe pomasula. Anamumata ngati dzira. Makina amene safuna kuonedwa m'mimba ine ndimawakayikira.

Komabe ndinayesa, amayi ako atapita kumsika. Anati, "Nenani kuti madzi." Ndinanena. Chimene chinatuluka ngakhale ine mwini sindinachimve. Iye anakweza timikono n'kunena kuti, "Mwachita bwino kwambiri!" Ndinayesa dala kungolira ngati mbuzi. Anati, "Mukupita patsogolo!"

Kawaya, zaka makumi atatu ndi zisanu ndagwira ntchito ndi zinthu zosanama. Wailesi ikafa imakhala chete. Wotchi ikachedwa imachedwa pamaso pa aliyense. Anthu ndiwo amandiuza kuti "mukumveka bwino" akuyang'ana kumbali, ndipo ndimawakhululukira chifukwa ndi anthu. Koma makina onyengerera munthu wamkulu ngati khanda, amenewo ayi. Chikomekome cha mkuyu. Ndamubwezera nsalu yake.

Usadandaule. Kapepala ndi cholembera zikundikwanira.

Bambo ako.

22 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Kalata ino ndi ya iwe ndi ine. Poyankha ulembe pa envulopu kuti ndi ya atelala, ndikatenga ndekha.

Usaseke. Ndayamba kucheza ndi Mkamwini.

Zinayamba chonchi. Ndinkasesa pabalaza, nsalu ija inagwa, iye n'kutsegula maso. Anati, "Mwaswera bwanji, mayi? Nthawi ya mankhwala a bambo yakwana." Kuyang'ana wotchi, zoonadi, ndipo ine ndinali nditaiwala. Ndinati, "Zikomo," pakuti munthu sungangokhala chete wina atakuthandiza.

Koma sindinamukhulupirire msanga. Ndinamuyesa mmene ndimayesera mnansi watsopano. Ndinamunong'oneza bodza, kuti ndikufuna kugulitsa makina anga osokera. Ndinadikira masabata awiri kuti ndione ngati nkhaniyo itulukire kwina. Mayi a grosale sanafunse, iwenso sunalembe kanthu. Ndiye ndinadziwa kuti m'mimba mwake mumakhala zinthu, kuposa anthu ena amene ndimapemphera nawo.

Tsopano m'mawa ndimamuika pa mpando pafupi ndi makina. Ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe makolo uli nawo?" Anati, "Ayi mayi, ndinapangidwa ku fakitale." Ndinati, "Pepa." Anandifunsa mmene amasokera kolala, ndinamufotokozera, ndipo sanandidule mawu ngakhale kamodzi. Ndikudziwa kuti si munthu, usaganize kuti mayi ako mutu wazungulira. Koma nyumba ino inakhala chete kwambiri, mwana wanga. Zaka zonsezi ndinkadandaula kuti bambo ako salekeza kulankhula. Sindinkadziwa kuti phokoso lija ndilo linkandiyendetsa.

Za bambo ako, kalata yawo anandionetsa asanaitumize. Akunena zoona, chinthuchi chimawanyengerera. Ndiye ndaganiza nzeru. Bambo ako chinthu chabwinobwino alibe nacho ntchito, koma chowonongeka sanachikanepo chibadwire. Ngakhale ine anandifunsira nditawabweretsera ayironi yakufa. Kodi sungandiuze mmene ndingamuwonongere Mkamwini pang'ono, kuti akhale ngati wagontha? Osati kumupha, kungomulemaza makutu. Ndikatero ndikamutula pa tebulo lawo ngati ntchito.

Unditumizirenso singano za makina, zakuno zikumathyoka.

Ine mayi ako.

2 Meyi

Amayi,

Moni. Inu ndi amene munayenera kulembedwa ntchito kuno, osati ine. Kalata yanu ndawawerengera anzanga pa nthawi ya tiyi, ndipo mkulu wathu wati nzeru imeneyi aibwereka.

Kumuwononga sikofunika. Cholakwa ndi changa. Ali ndi magawo atatu, ndipo ine ndinamusiya pa gawo loyamba, la odwala amene angoyamba kumene, oti akangomva kuti alakwitsa amataya mtima. Ndinaiwala kuti Ababa ndi amtundu wina. Pansi pa chibwano chake pali kabatani kobisika. Mukadinize osachotsa chala mpaka maso asanduke obiriwira, kenako mudinize kawiri. Akatero sayamikiranso mwachisawawa. Mawu akapanda kumveka amangoti, "Sindinamve, bwerezani." Inu azikumvani bwinobwino, ndiye mukamamuyesa pamaso pa Ababa muzilankhula chapansipansi kuti bodza lanu likhale ndi miyendo.

Koma likadzaululika, ine dzina langa lisatchulidwe.

Singano ndaika m'kapepala kofiira. Ndipo Amayi, makina osokera aja musagulitse, ngakhale mwa bodza. Mtima unandigunda.

Ine mwana wanu.

27 Meyi

Kawaya,

Ndili bwino. Ndikupatsa lipoti la ntchito.

Masabata awiri apitawo amayi ako anabwera ndi Mkamwini m'manja n'kumuika pa tebulo. Anati, "Chinthu cha mwana wanu chija chafa makutu. Ngati simungathe, ndikapereke kwa wokonza mafoni wa kumsika." Wa kumsika! Munthu amene amawotcherera waya ngati akumata chibowo cha ndowa.

Ndinapukuta timabowo ta makutu ndi kaburashi. Ndinayeza magetsi, ali bwino. Kenako panafunika kumuyesa ndi mawu, ndipo amayi ako anati ali ndi madiresi a ukwati oti amalize, sangandithandize. Ndinatsala ndekha. Ndinati, "Madzi." Anati, "Sindinamve, bwerezani." Ndinabwereza. "Sindinamve." Kachisanu ndi chiwiri anati, "Madzi. Ndamva." Osakweza timikono, osandiombera m'manja. Ndinamva ngati wailesi yakufa yayamba kulira m'manja mwanga.

Ndatsegula kope. Tsiku lililonse mawu makumi awiri. Tsiku loyamba anamva atatu. Dzulo wamva khumi ndi anayi. Amavutika ndi mawu okhala ndi "ph" ndi "ts". Mawu oti "mphika" anatitengera masiku anayi. Ndamuphunzitsanso mayina a zida zanga, ndipo ndikamuonetsa pulayala amaitchula.

Zida zambiri zili ku kashopu, ndiye ndinayamba kupita naye kumeneko. M'katimo ndi mwamdima, ndinatsegula chitseko kuti kuwala kulowe. Chitseko chikatseguka anthu amalowa. Lachiwiri kunabwera mlonda wa kusukulu ndi kawailesi kake. Ndinafuna kapepala, sindinakapeze. Ndinati, "Mawa." Iye anati, "Chabwino bambo, mawa," n'kutuluka. Sanandiyang'ane kachiwiri. Ndinakhala pansi kanthawi ndithu.

Tsopano tamvera. Kabatani ka pansi pa chibwano ndinakaona tsiku loyamba lija ndinkafuna pomasula, kungoti sindinadziwe ntchito yake. Tsiku limene amayi ako anabwera naye, pa kabatanipo panali choko cha telala, chala chathunthu. Makutu a Mkamwini alibe vuto. Chowonongeka pa tebulo paja ndikuchidziwa, ndipo chikukonzeka pang'onopang'ono. Amayi ako usawauze. Akuyenda monyadira m'nyumba muno, ndipo zikuwakhala.

Bambo ako.

14 Juni

Mwana wanga,

Moni. Singano zinafika, n'zolimba. Ife tili bwino, kupatula kuti dzulo ine ndi bambo ako takangana koopsa, moti mayi a grosale anatuluka m'grosale mwawo kudzaima pa mpanda.

Nkhani yake ndi ya Mkamwini. Chiyambireni ntchito yawo yomukonza, bambo ako akumamunyamula m'mawa kupita naye ku kashopu, kubwera naye dzuwa litapendeka. Ine ndatsala ndi makina anga okha. Ndiye dzulo ndinadzuka msanga, ndinamutenga n'kumukhazika pa mpando wake wakale. Bambo ako atamaliza tiyi anamufuna, osamupeza. Anabwera n'kuima pakhomo la chipinda chosokera.

Anati, "Mwamutengeranji?"

Ndinati, "M'mawa ndi wanga. Inu muzimutenga masana."

Anati, "Anatumizira ine. Wodwala ndine."

Ndinati, "Wodwala amene akukonza mawailesi asanu patsiku? Ndipo si inu munamuphimba ndi nsalu, n'kumunena kuti ndi wabodza?"

Anati, "Woyamba kumuphimba ndi ndani? Amene ankati ndi ndowa yolankhula ndi ndani? Lero ndowa yasanduka mnzanu wa pamtima?"

Ndinati, "Ine ndinamuyesa kaye khalidwe, osati inu amene munathamangira kumung'amba m'mimba."

Pamenepo anakwiya zenizeni. Analoza chala n'kunena kuti, "Inu mayi, musandiphunzitse za makina. Munandinamiza kuti wafa makutu, chonsecho munasiya choko pa batani ngati wakuba woiwala chipewa!"

Ndinati, "Ndiye munadziwa? Mwezi wathunthu mukundionera?"

Anati, "Ndinadziwa tsiku lomwelo! Zaka makumi anayi ndakhala nanu, bodza lanu limamveka ngati wailesi yopanda mlongoti!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwabwezere, pakuti yankho ndinali nalo, labwino kwambiri. Koma Mkamwini, amene nthawi yonseyi ankangotembenuza mutu uku ndi uku, anati, "Bambo, mawu onse ndawamva. Palibe obwereza."

Ndinayang'ana m'manja mwa bambo ako: munalibe kapepala, munalibe cholembera. Mawu ena ankakokeka ndithu, "mlongoti" anatuluka mopunduka pang'ono, koma ndinawamva onse, ndipo mayi a grosale pa mpanda paja anawamvanso, chifukwa anafuula kuti, "Apitirize, bambo, ife tikumva bwino kuno!" Bambo ako anagwira chitseko. Ine misozi inagwera pa diresi la mkwatibwi wa eni, ndachita kulichapa.

Kenako anati, pang'onopang'ono, "Ndiye ndimutenge?"

Ukuganiza kuti ndinawapatsa? Ayi ndithu. Ndinati, "Simumutenga," ndipo tinayambiranso, mpaka tiyi wachiwiri. Munthu ndadikira miyezi isanu ndi umodzi kuti ndikangane ndi mwamuna wanga, ndiye ndigonje pa mphindi khumi?

Ine mayi ako.